Nyumba Imafera Kudenga

Bambo ake adali mmisiri womanga nyumba, ndipo ankakonda kunena kuti nyumba imafera kudenga. Munthu akawaitana kuti adzaone khoma long'aluka, iwo sankayamba ndi khomalo. Ankaima chapatali, manja kumbuyo, n'kukweza maso kutsindwi. Kenaka ankatsata ndi diso njira imene dontho la mvula lingayende kuchokera pamwamba kufikira pansi, ndipo pamene dontholo lingaime ndi pomwe ankaloza ndi chala. Mwana wawo wamwamuna adakula akuwanyamulira ndowa za matope pa tchuthi cha sukulu, koma luso la chipande silidamulowe m'manja. Adakhala mphunzitsi, ndipo patapita zaka adapita ku England, kumene amagwira ntchito yosamalira okalamba m'tauni ya Swindon. Kwa bambo ake adatengerako chizolowezi chimodzi chokha: akaona nyumba, maso ake amathamangira kudenga.

M'mwezi wa June 2023, pa tsiku lake lopuma, mnzake wa kuntchito adamunyamula pa galimoto kupita ku Kelmscott, kamudzi ka m'chigawo cha Oxfordshire kufupi ndi tauni ya Lechlade, kumene mtsinje wa Thames udakali wowonda moti mwana atha kuponya mwala n'kukagwera tsidya lina. Adavomera ulendowo pofuna kupumitsa mutu. M'foni mwake mudali uthenga wa mlongo wake umene udatha milungu itatu usadayankhidwe. Mlongoyo, amene amakhala ndi mayi awo kumudzi m'boma la Dedza, adalemba mwachidule kuti khoma la kumbuyo kwa nyumba imene bambo awo adamanga lafufuma, ndipo amisiri amene adaitanidwa akuti chanzeru n'kuigwetsa yonse ndi kumanga ina ya njerwa zootcha. Onse ankadikira mawu ake, pakuti ndalama zake zikadachokera kwa iye.

Ku Kelmscott alendo amasiya galimoto kumayambiriro kwa mudzi n'kuyenda pansi. M'mbali mwa kanjirako adaona mipanda yachilendo: miyala ikuluikulu yaphanthiphanthi yoimikidwa chilili, umodzi pambali pa unzake, monga mmene kwawo amaimikira bango kapena mapesi. Nkhokwe, makola, tchalitchi ndi nyumba za anthu wamba, zonse zidali za mwala womwewo wotuwa mosakanikira chikasu. Njira itatsala pang'ono kutha, kuseri kwa mpanda wautali kudaonekera nsonga za makoma ndi machumuni a Kelmscott Manor.

Dzinalo likhoza kupusitsa munthu kuti akaona nyumba yachifumu. Imene adaipeza ndi nyumba ya mlimi wopeza bwino. Idamangidwa cha m'ma 1600 ndi Thomas Turner, mlimi wa m'mudzimo, ndipo mbumba ya a Turner idakhalamo zaka zoposa 250. Ili ndi nsanjika ziwiri ndi zipinda zina za kunsi kwa denga. Munthu akalowa pa kachipata ka mumpanda, kanjira ka miyala kokhala ndi maluwa mbali zonse ziwiri kamamufikitsa pakhomo. Mwana wa mmisiri sadafulumire kulowa. Adaima chapatali monga ankachitira bambo ake, ndipo mnzake uja atatopa kumudikira adatsogola yekha.

Mwala wa nyumbayi ndi umene udamanga dera lonse la mapiri a Cotswolds. Ndi mwala wa laimu umene udapangika zaka pafupifupi 170 miliyoni zapitazo, pamene dziko limeneli lidali pansi pa nyanja yosazama ndi yofunda. Munthu akauyang'ana pafupi amaona timibulu tating'onoting'ono tonga mazira a nsomba. Ukangofukulidwa mumgodi umakhala wofewa ndithu moti amisiri amaucheka ndi sowo ndi kuusema mosavutika. Ukakhala kunja n'kuuma, umalimba. Komanso ndi mwala womwa madzi. Mvula ikaugunda umanyowa, mphepo ikaomba umauma, ndipo kamangidwe konse ka nyumba za kuderali kadabadwa chifukwa cha khalidwe limeneli la mwala.

Makoma ake ndi ochindikala, omangidwa ndi miyala yosasema bwino yoyalidwa m'mizere, yolumikizidwa ndi laimu wosakaniza ndi mchenga. Miyala yosemedwa mosamala adaisungira malo amene ntchito imafuna kulunjika: m'ngodya, m'mphuthu za makomo ndi kuzungulira mazenera. Mazenerawo ndi ogawidwa ndi timizati tamwala, ndipo pakati pa timizatito pali timagalasi tating'ono togwirizidwa ndi mtovu, chifukwa m'masiku amenewo galasi lalikulu lidali losowa ndi lodula. Timizatito tili ndi ntchito ziwiri, kugawa kuwala ndi kusenza khoma la pamwamba pa zenera. Pamwamba pa mazenera ambiri a nyumba za mtunduwu pamakhala kamzere kamwala kotulukira kunja ngati nsidze, kamene kamapatutsa madzi otsika m'khoma kuti asalowe m'zenera. Mlendo wosadziwa angakayese chokongoletsa chabe. Mwana wa mmisiri adakaona n'kuzindikira kuti amene adakaika ankatsata dontho la mvula.

Chimene chimapatsa nyumbayi nkhope yake ndi nsonga za makoma zosongoka zimene amisiri a kwawo amati magebulo. Alipo ambiri, mbali zonse, ena aakulu ena aang'ono, ndipo lililonse lili ndi kazenera kake kounikira chipinda cha kunsi kwa denga. Pamene magebulo awiri akumana pamakhala chigwa chimene madzi onse a mbali ziwirizo amathamangiramo, ndipo pakamwa pa chigwacho pamatuluka ngalande yaitali yoloza kunja, yolavulira madziwo kutali ndi maziko. Adaziwerenga ngalandezo imodzi ndi imodzi, akumwetulira yekha.

Cha m'ma 1660, Thomas Turner wina wa m'banja lomwelo, chuma chitachuluka, adawonjezera chigawo chatsopano ku mbali ya kumpoto chakum'mawa. Chigawochi n'chachitali kuposa nyumba yoyamba, zipinda zake n'zotakasuka, ndipo pamwamba pa mazenera a m'magebulo ake pali tizokongoletsa ta ngodya zitatu totengera kamangidwe ka Agiriki ndi Aroma, kamene panthawiyo kadali katafika m'mizinda ya ku England n'kuyamba kulowerera kumidzi. Zaka zoposa 60 zimalekanitsa zigawo ziwirizi, ndipo kusiyana kwake sikudabisidwe. Komabe sizikangana, popeza mwala ndi umodzi, laimu ndi yemweyo, ndipo denga la chigawo chatsopano lidafoleredwa monga la chakale. Mdzukulu adawonjezera pa nyumba ya makolo ake osaichititsa manyazi.

Tsono denga. Nalonso ndi la miyala. Pali mtundu wina wa mwala wa laimu umene umang'ambika m'mapale opyapyala, ndipo ndiwo amafolerera. M'madera ena mapalewo amapezeka atang'ambika kale pafupi ndi nthaka ya pamwamba. Ku Stonesfield, mudzi wina wa ku Oxfordshire komweko, anthu ankafukula miyalayo pansi pa nthaka nyengo yozizira isadafike, n'kumaithirira kuti isaume, kenaka n'kuiyala pabwalo kuti chisanu chiigwire. Madzi a m'kati mwa mwala akaundana ankafufuma n'kuung'amba m'mizere yake, ndipo mmisiri ankangomaliza ndi nyundo. Chaka chimene chisanu sichidagwe mokwanira, ntchito inkaima.

Phale lililonse limabooledwa kumtunda n'kukolekedwa pa mbalilo. Kale ankakolekera ndi chikhomo cha mtengo wa oak. Popeza mwala sung'ambika mofanana, mmisiri amasankha mapalewo potsata kutalika kwake. Aakulu kwambiri amawayala m'munsi, m'mphepete mwa denga, kumene madzi onse amadzasonkhana ndiponso kumene khoma lili pafupi kuti lisenze kulemera kwawo. Mzere uliwonse wokwera umakhala wa mapale ocheperapo pang'ono, mpaka kutsindwi kumene kuli tating'ono ngati chikhatho. Motero palibe mwala wotayidwa, ndipo munthu woima pansi amaona denga ngati lalitali kuposa mmene lilili. Denga lotere limalemera pafupifupi tani imodzi pa masikweya mita 10 alionse, n'chifukwa chake limafuna mitanda yamphamvu. Limapendekekanso kwambiri, pafupifupi madigiri 50, kuti madzi atsike msanga asadapeze mpata pakati pa mapale osasalalawo. Pamwamba pake pamera ndere zotuwa ndi zachikasu. Mwana wa mmisiri adaliyang'ana kufikira khosi lidawawa. Adakumbukira bambo ake akusankha mitolo ya udzu, wautali m'munsi, waufupi kumtunda, ndipo adadabwa kuona nzeru yomweyo itayalidwa m'miyala.

Nyumbayi ikadakhala imodzi mwa nyumba zambiri za alimi zimene mbiri idaziiwala pakadapanda William Morris, mlakatuli, mmisiri wa nsalu ndi mapepala omata m'makoma, wosindikiza mabuku, amenenso pambuyo pake adakhala mlaliki wa sosholizimu. Mu 1871 Morris adayamba kuchita lendi nyumbayi pamodzi ndi mnzake wojambula zithunzi, Dante Gabriel Rossetti. Sikudali kukhalira limodzi kwamtendere: Rossetti adali m'chikondi ndi Jane, mkazi wa Morris, ndipo chilimwe choyambacho Morris adanyamuka kupita ku Iceland, kuwasiya m'nyumbamo. Rossetti adachoka mu 1874, koma Morris adaisunga nyumbayo kufikira imfa yake mu 1896. Misondodzi ya m'mbali mwa mtsinje ndi mbalame zoba masitiroberi m'munda zidalowa m'zojambula zake zotchuka, ndipo buku lake la News from Nowhere la 1890 limathera pa nyumba imeneyi. Chodabwitsa n'chakuti munthu amene ntchito yake idali kukongoletsa nyumba za anthu sadafune kuisintha iyi. Adapeza m'chipinda china cham'mwamba nsalu zakale zoluka zofotokoza nkhani ya Samsoni zitazilala mitundu, ndipo adazisiya pomwepo.

M'zaka zimenezo ku England kudali chizolowezi chimene eni ake ankachitcha kubwezeretsa. Akatswiri a mapulani ankatenga tchalitchi chakale, n'kupala makoma ake kuchotsa laimu yense, kugwetsa zimene mibadwo yapakati idawonjezera, ndi kumanganso potsata mmene iwo ankaganizira kuti chidalili pachiyambi. Morris ankaona kuti chotsatira chake chinkakhala nyumba yatsopano yonamizira ukalamba. Mu 1877, atamva za mapulani okonzanso tchalitchi chachikulu cha Tewkesbury motsogozedwa ndi George Gilbert Scott, adayambitsa pamodzi ndi Philip Webb ndi anzawo ena bungwe la Society for the Protection of Ancient Buildings, limene lilipo mpaka lero. Chiphunzitso chake n'chosavuta kumva: nyumba yakale isamalidwe tsiku ndi tsiku, phale likasweka libwezeretsedwe msanga, ngalande ikatsekeka itsegulidwe, khoma likapendama lichirikizidwe, ndipo chimene chakonzedwa chisanamizire kuti n'chakale.

M'chipinda china chapansi adakumana ndi mayi wachikulire, mmodzi mwa anthu odzipereka amene amalandira alendo. Mayiyo ataona kuti mlendoyu akuyang'ana kwambiri mzere wa laimu pafupi ndi zenera kuposa zithunzi za pakhoma, adamufunsa ngati ndi womanga nyumba.

"Iyayi, mayi. Bambo anga ndiwo adali mmisiri. Ndimadabwa chabe kuti nyumba yofunika chotere simuimanga ndi simenti kuti ilimbe."

Mayiyo adaseka pang'ono n'kumufotokozera kuti m'zaka za m'ma 1900 nyumba zambiri zakale za m'dzikomo zidawonongeka ndi anthu a mtima wabwino amene adachita zimenezo. Laimu ndi wofewa kuposa mwala. Chinyezi chikalowa m'khoma chimatulukira m'mizere ya laimu, ndipo nyumba ikasuntha pang'ono ndi kutentha kapena kuzizira, laimuyo amalolera. Amene amadyeka ndi laimu, ndipo kumubwezeretsa n'kosavuta. Simenti imauma gwa, siilola madzi kudutsa. Ikang'ambika kamng'alu konga tsitsi, mvula imalowa koma yotulukira imasowa. Imakhala m'kati n'kumadya mwala, ndipo chisanu chikafika mwalawo umafumbutuka kuseri kwa simenti imene kunja ikuoneka yabwinobwino.

"Khoma liyenera kuuma," adatero mayiyo. "Mukalitsekera, mwalipha."

Iye adathokoza n'kutuluka panja, pakuti mawuwo adamulasa. Adakakhala pa benchi m'munda, pafupi ndi mpanda wa mitengo umene udametedwa ngati chinjoka.

Nyumba ya kwawo bambo ake adaimanga ndi zidina. Munthu amene adamangira anthu ena nyumba za njerwa zootcha ndi simenti kwa zaka makumi atatu adaumba yekha zidina za nyumba yake, nazimanga ndi matope pa maziko a miyala okwera kufika m'bondo. Denga lidali la udzu, lotsika kwambiri mbali zonse, ndipo khonde lidazungulira nyumba yonse kotero kuti mvula, ngakhale ya mphepo, sinkafika pakhoma. Chaka ndi chaka, dzinja likatha, mayi ake ndi alongo ake ankamata ming'alu ndi kuzira makoma ndi dothi la kudambo, ndipo bambo ankakwera kukasintha udzu wofooka. Mwanayo ankachita nayo manyazi nyumbayo. Anzake a kusekondale akabwera ankafunsa kuti zitheka bwanji mmisiri kugona m'nyumba ya dothi. Tsiku lina adawafunsa bambo ake funso lomwelo, ndipo iwo adangoti, "Mwanawe, nyumba iyi ili ndi chipewa ndi nsapato. Ikufunanso chiyani?"

Bambowo adamwalira mu 2015. Chaka chotsatira, ndalama zoyamba za ku England zitayamba kuoneka, mwana wawo adatumiza zogulira malata ndi matumba a simenti. Adalamula pa foni kuti udzu uchotsedwe, ndipo pofuna kuti malata akwanire, denga lidafupikitsidwa, khonde la kumbuyo n'kutha. Makoma onse adapakidwa pulasitala wa simenti, kunja ndi m'kati, kenaka penti yoyera. Zithunzi zitafika adazionetsa kwa anzake a kuntchito. Mayi ake sadatsutse. Adangofunsa kuti tsopano azizira chiyani. Padapita madzinja asanu ndi awiri. Madzi otsika m'malata ankagwera m'tsinde mwa khoma n'kumathovukira pa pulasitala. Pulasitalayo, amene sagwirana bwino ndi dothi, adayamba kulekana ndi zidina, ndipo munthu akagogoda ankamva kulira kwa ng'oma. Kuseri kwake zidina zidanyowa osaumanso, chiswe n'kupeza njira yobisika. Chidali chikomekome cha mkuyu. Kwa milungu itatu ija adakhala akudziuza kuti nyumba ya zidina ili ndi zaka zake ndipo zakwana. Pa benchi ya ku Kelmscott adavomera mumtima kuti nyumbayo idakhala zaka zoposa makumi atatu ili bwino m'manja mwa bambo ake, ndipo idadwala m'manja mwake.

Atapuma adalowanso n'kukwera ku zipinda za kunsi kwa denga. Makwerero opita kumeneko ndi achilendo, ogawika pakati, phazi lamanzere ndi sitepe yake, lamanja ndi yakenso, chifukwa malo ndi opanikizika. Kumwambako nyumba imaonetsa mafupa ake: mitanda ikuluikulu yosemedwa ndi nkhwangwa, yolumikizidwa ndi zikhomo zamtengo, yosenza matani a miyala ija. Kumeneko adamva kuti nayonso nyumbayi idatsala pang'ono kufa. Jane Morris adaigula mu 1913, chaka chimodzi asadamwalire. Mwana wake May adakhalamo kufikira imfa yake mu 1938, ndipo adaisiya m'manja mwa yunivesite ya Oxford, imene inkaichititsa lendi. Pamene bungwe la Society of Antiquaries of London linkailandira mu 1962, madzi adali atalowa kudenga ndipo mitengo yambiri idali itaola. Padafunika ntchito yaikulu m'zaka za m'ma 1960 kuti ipulumuke, ndipo makwerero ogawika aja ndi a nthawi imeneyo. Ntchito ina yaikulu, ya mapaundi pafupifupi 6 miliyoni, ambiri mwa iwo ochokera ku thumba la National Lottery Heritage Fund, idachitika nyumbayo isadatsegulidwenso kwa alendo mu 2022. Mwala wa zaka 170 miliyoni sukadaiteteza pakadapanda anthu okwera kudenga.

Lero nyumbayi ili pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa ndi lamulo. Mndandandawo udakhazikika ndi lamulo la mapulani a matauni ndi midzi la 1947, dziko litaona zimene mabomba a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adawononga, ndipo lamulo limene likugwira ntchito ku England tsopano ndi la 1990. Bungwe la Historic England ndilo limausunga. Uli ndi nyumba zoposa 370,000 zogawidwa m'magulu atatu, Grade I, Grade II* ndi Grade II. Zoposa 90 pa 100 zilizonse zili m'gulu lomalizali. M'gulu loyamba, la nyumba zofunika koposa, muli ziwiri kapena zitatu zokha pa 100 zilizonse, ndipo Kelmscott Manor ndi imodzi mwa izo. Mwini nyumba yotetezedwa sangaigwetse, kuiwonjezera kapena kusintha chimene chimaipatsa khalidwe lake, kunja kapena m'kati, popanda chilolezo cha khonsolo ya dera lake, ndipo kutero ndi mlandu. Akadakhala kuti adachita ku England zimene adachita ku nyumba ya bambo ake, pa nyumba ya pa mndandandawo, akadayankha kubwalo la milandu. Koma lamulolo mphamvu yake yaikulu ili pa kuletsa. Silikwera makwerero kukachotsa masamba m'ngalande.

Sadafune kudzinamiza kuti nyumba ziwirizi n'zofanana. Ku Kelmscott Manor masiku ano anthu amalipira pakhomo, amayenda m'zipinda mwakachetechete, dzuwa likapendeka n'kumapita kwawo. Pabedi la Morris, lokutidwa ndi nsalu zimene May ndi anzake adapeta, sipagonanso munthu. Morris mwiniyo adatha kukonda nyumba yakale mosatekeseka chifukwa adali ndi chuma chochokera ku masheya a mgodi wa kopa wa ku Devon, ndiponso nyumba ina ku London. Ndipo m'zonse zimene adawerenga ndi kumva tsikulo, adapeza maina a eni nyumba, a alendi, a olemba ndakatulo ndi a mabungwe, koma sadamve dzina la munthu amene adasankha mapale aja ndi kuwakoleka, kapena la amene adasema nsidze za pamwamba pa mazenera. Anthu amenewo adali a mtundu wa bambo ake. Chikumbutso chawo ndi chakuti madzi akutsikabe m'njira imene iwo adawalozera zaka 400 zapitazo.

Pobwerera ku galimoto adapatukira ku tchalitchi cha St George, kumene Morris adaikidwa. Bokosi lake lidafika kumeneko pa ngolo ya pafamu yokongoletsedwa ndi nthambi. Mwala wa pamanda ake adaukonza ndi Philip Webb, mnzake wa moyo wonse, ndipo suli chilili monga ina. Ndi mwala wautali wogona, wokwezedwa pa timiyala, wopendekeka mbali ziwiri ndi msana pakati. Ndi denga. Mwana wa mmisiri adaima pamenepo nthawi yaitali, kenaka adatulutsa foni.

Kumudzi kudali kutayamba kuda. Mlongo wake adayankha ali pamoto.

"Achimwene, tinayesa mwatitaya."

Adapepesa, nafunsa za mayi. Kenaka adafotokoza zimene ankaganiza: kuti asagwetse nyumba, kuti aitane mkulu wina amene ankagwira ntchito ndi bambo awo, ngati mphamvu akadali nazo, adzagogode makoma onse ndi kuona pamene pali pamoyo, kuti pulasitala wa simenti achotsedwe, khoma la kumbuyo limangidwenso ndi zidina, ndipo malata awonjezedwe kuti khonde libwerere mbali zonse. Adanenanso chimene chidamuvuta kunena, kuti amene adaiwononga nyumbayo ndi iye.

Mlongoyo adakhala chete kanthawi. Kumbuyo kunkamveka ana ndi kulira kwa mbale.

"Zonsezo ndamva, achimwene. Koma ndifunse. Mukachotsa simentiyo, azizira ndani chaka ndi chaka? Amayi msana unatha. Ine ndili ndi munda, ndili ndi ana, ndili ndi geni. Ana a masiku ano dothi la kudambo salidziwa. Inu mukuikonda nyumbayi muli kutali. Ife timagonamo."

Adalibe yankho lokonzeratu. Adayang'ana denga la tchalitchi, mapale aakulu m'munsi, aang'ono kumtunda, ndipo adakumbukira mwambi umene bambo ake ankanena akamaitana anthu kudzakweza mapaso, wakuti mutu umodzi susenza denga. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri iye ankatumiza ndalama ndi malamulo, osafunsa amene adzasenze.

"Mwanena zoona, achemwali," adatero. "Tichite chonchi. Mkulu uja abwere aone kaye. Akati yafa, tigwetsa, ndipo sindidzatsutsa. Akati ili moyo, ndalama yolipira ozira chaka chilichonse ikhale yanga, ndipo chaka chamawa dzinja likatha ndibwera ndidzakwere ndekha kudenga. Koma musanayankhe, afunseni amayi. Nthawi ija sindinawafunse."

"Ndiwafunsa," adatero mlongoyo. "Koma za kubwerazo, mwanena nokha. Ndazisunga."

Mnzake uja adali ataliza kale injini. Akutuluka m'mudzimo mvula yowaza idayamba, monga imachitira ku England ngakhale m'chilimwe, ndipo madenga a Kelmscott adada pang'onopang'ono, kuyambira kutsindwi kutsikira m'mphepete. Iye adatembenuka pampando n'kumayang'ana kumbuyo, kufuna kuona kumene madziwo akugwera.